Tsiku Limene Mawu a Tiwonge Anasiyana ndi Milomo Yake

Nchito yanga yoyamba ndinaipeza nditatumidwa. Nditatsiliza sukulu ndinangokhala pakhomo ku Mphamba, kuthandiza kusoka fodya. Tsiku lina amayi anandipatsa memoli khadi kuti ndikawaikitsilemo nyimbo za kwaya pa kashopu kena ku boma. Kashopuko kanali kuseli kwa msika wa Lundazi, mwini wake a Sakala, bambo wochokela ku Chipata amene ankajambula maukwati ndi malilo. Ndinawapeza atapanikizika ndi makasitomala, ndiye ndinapempha kuti ndikope ndekha nyimbozo pa laputopu. Anaona mmene ndinachitila, nati, "Dzina lako ndani? Esinati? Mawa ubwele."

Anandiphunzitsa kudula mavidiyo. Pa pulogalamu yodulila pamakhala mizele iwili, wa zithunzi pamwamba, wa mawu pansi. Vidiyo ndi zithunzi zambilimbili zotsatizana, timazitcha mafulemu. Mawu amaoneka ngati timapili, tosongoka pamene munthu wakweza mawu kapena ng'oma yalila. Nchito yaikulu ndi kugwilizanitsa mizele iwiliyi kuti mlomo ukatseguka, mawu atuluke pomwepo.

"Mawu akasiyana ndi milomo, yang'ana koyamba, pakati ndi kothela," ankatelo a Sakala. "Kusiyanako kukakhala kofanana, ungokankha mzele wa mawu. Kukamakulilakulila, konza vidiyoyo kuti mafulemu aziyenda mofanana. Zikakana, finya mawuwo akwane."

Ndinkachita zimenezo, ndipo eni maukwati sankadandaula.

Mwezi wa Okutobala, kukutentha kwambili, kunabwela bambo wachikulile pa njinga, fumbi mpaka m'mawondo. A Sakala anali atapita kukajambula ukwati.

"Monile, amama," anandilonjela m'Chitumbuka.

"Yewo, adada. Khalani apa."

Anali a Mtonga, mlimi wa ku Chikomeni. Anamasula kapepala ka pulasitiki, m'kati muli fulashi ndi memoli khadi. Mwana wawo wamkazi, Tiwonge, anaimba yekha pa msonkhano wa makwaya kutchalitchi kwawo. Mlongo wake anamujambula ndi foni, koma m'vidiyomo mphepo ndi phokoso la anthu zinkaphimba mawu ake. Mawu abwino anali pa fulashi, otengedwa ku makina a zokuzila mawu. Anafuna kuti ziwilizi zikhale chinthu chimodzi.

"Tiwonge anatisiya chaka chatha pobeleka," anatelo. "Mwana anapulumuka, ali ndi ife. Ndikufuna akadzakula adzaone amayi ake akuimba."

Ndinawafunsa za foni imene inajambula. Inagwela m'madzi kalekale. Vidiyo imene anabweletsa inali yotumizilana, yodutsa m'mafoni ambili, yosaoneka bwino. Ndinawauza kuti akazungulile kumsika abwelenso masana.

Nditaitsegula ndinaona mtsikana wa msinkhu wanga, atavala malaya oyela ndi chitenje cha kwaya, akugwila maikolofoni ndi manja awili. Ndinapeza kulila koyamba kwa ng'oma pa mizele yonse iwili n'kulumikiza. Poyamba zinagwilizana bwino. Pofika pakati, milomo inali patsogolo, mawu akutsatila m'mbuyo. Chakumapeto Tiwonge ankatseka pakamwa mawu ake akadali kumveka. Ndinakonza vidiyoyo kuti mafulemu aziyenda mofanana, koma sizinathandize kwenikweni. Mafulemu ambili anali atasowelatu, mwina foni inatentha pojambula, mwina anatayika potumizilana. Choncho ndinachita zimene ndinazolowela. Ndinafinya mzele wa mawu kuti uthamange pang'ono, mpaka milomo ndi nyimbo zinayendela limodzi.

A Mtonga atabwela ndinawaveka mahedifoni. Anayang'ana osaphethila. Kenako anawavula pang'onopang'ono n'kuwaika pathebulo.

"Amama, nkhope ndi yake. Koma amene akuimbayu si Tiwonge."

"Ndi mawu a pa fulashi yomwe ija, adada."

"Tiwonge anali ndi mawu aakulu ngati amayi ake. Sankathamanga poimba. Uyu akumveka ngati kamwana."

Ananena zoona. Mawu ukawathamangitsa amaonda, amakwela. Pa ukwati palibe amene amasamala, koma bamboyu anamva mawu amenewo kuyambila tsiku limene mwanayo anabadwa. Sanakalipe. Anayamba kukulunga fulashi m'kapepala kaja.

"Kaya ndingomusungila mdzukuluyo padela padela," anatelo. "Azidzaonela uku, kumvela uku."

Ndinawapempha kuti akhale pansi. Ndinabweza mawu mmene analili n'kukhoma mzele wake kuti usasunthe. Ndinaganiza kuti ngati china chiyenela kupindika, zikhale zithunzi. Ndinayamba kudula vidiyo m'tizidutswa. Chidutswa chilichonse ndinkachikankha mpaka milomo ya Tiwonge itatsekeka ndendende pamene mawu akuti "m" kapena "b". Pakati pa tizidutswato pankatsala mipata. Mwayi wake, mlongo wake uja ankatembenuza foni kawilikawili kujambula mpingo ndi oimba ng'oma, ndiye ndinkatenga zithunzi zimenezo, kuzichedwetsa, n'kutsekela mipatayo.

Zimenezi zimafuna kubweleza malo amodzi kambilimbili. Tiwonge ankakoka mpweya, kutsegula pakamwa, ine n'kumubweza, akokenso mpweya. A Mtonga anakhala pambali panga akuonelela zonsezi. Ndinawauza kuti akhoza kudikila panja pamthunzi, koma anapukusa mutu. Nthawi ina ndinaimitsa chithunzi pamene Tiwonge ankamwetulila munthu wina wosaoneka.

"Ameneyo ankasekelela ine," anatelo. "Ndinakhala kutsogolo."

A Sakala anabwela dzuwa litapendeka, kamela ili paphewa. Anatipeza titafika povuta. Zithunzi zinali zitatha, poti vidiyo ija inadukila panjila, koma nyimbo ikadali ndi ndime yotsiliza. Panalibenso chotsekela. A Sakala anaona, nafotokoza mwaulemu kuti tikhoza kuzimitsa mawu pang'onopang'ono pamene zithunzi zathela, kapena kuikapo chithunzi cha maluwa monga timachitila pa mavidiyo a malilo.

A Mtonga anakana.

"Maluwa ayi. Musiyeni atsilize nyimbo yake."

Tinatelo. Chithunzi chinazima, galasi la laputopu linada, Tiwonge n'kupitiliza kuimba ndi mawu ake aakulu, osathamanga, mpaka pamene mpingo unayankha ameni. Panja pankadutsa njinga ndi mabasi a ku Chipata, koma m'kashopu tonse atatu tinkangomvetsela nyimboyo. A Mtonga anagwetsa nkhope, misozi ikudontha pa thalauza. A Sakala anatuluka, akuti kukaona ngati atseka bwino galimoto, pamene galimoto analibe.

Tinawaikila pa fulashi, pa memoli khadi ndi pa disiki, kuti china chikawonongeka china chitsale. Anaziika m'thumba la malaya n'kumanga batani. "Yewo chomene, mwana wanga," anatelo, ndipo anakankha njinga yawo osakwela mpaka anakhota pangodya ya msika. Sindinawaonenso.

Lelo ndili ndi laputopu yangayanga, ndipo mavidiyo osiyana mawu ndi milomo amabwela sabata iliyonse. Ndimadula zithunzi, ndimazichedwetsa, ndimazisuntha mmene ndingathele. Koma mawu a munthu sindiwafinya, ngakhale pa ukwati pamene aliyense akuvina, chifukwa sindidziwa kuti ndani adzawamvetsele mwini wake atapita.