Pakamwa pa Carlyle Wansomba

Ku Carenage, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, kulibe munthu wosadziwa mawu a Carlyle Toussaint. Zaka makumi atatu wakhala akuzungulira ndi kagalimoto kake kukuwa mitengo ya nsomba, moti amayi a kumtunda amamumva ali m'bafa n'kuyamba kufunafuna mbale. Sukulu anailekeza Sitandade 5. Koma wailesi yake siizima, ndipo nyuzipepala yokulungira nsomba amayamba waiwerenga kaye, kasitomala ali chiimire ntchentche zikumuzungulira. Mumufunse mtsinje, mumufunse mfumu yakufa kalekale, mumufunse chaka cha namondwe aliyense, ayankha inu musanatseke pakamwa.

Tsoka lake linali lomwelo.

Lachinayi lililonse dzuwa likapendeka, m'bala la a Achong mumachitika mpikisano wa mafunso. Matebulo asanu ndi awiri, anthu anayianayi. Giselle, mwana wa a Achong, amawerenga mafunso, ndipo mayankho amalembedwa papepala mwakachetechete. Carlyle ankakhala tebulo la Mayi Verna, mphunzitsi wopuma amene ankagwira cholembera, pamodzi ndi Deo wometa tsitsi ndi mlamu wake wa Deoyo. Miyezi isanu ndi itatu osapambana ngakhale kamodzi. Osati umbuli ayi. Funso likangotuluka, yankho linkapulumuka m'kamwa mwa Carlyle, ndipo kunong'ona kwa munthu wogulitsa nsomba kumafika mpaka pasiteji ya basi. Matebulo enawo ankangotchera khutu n'kumalemba. Makamaka la a Ramsaran ogulitsa mankhwala, anthu a mataye m'mutu mulibe kanthu, amene ankakolola zonse za Carlyle, kuwonjezerapo ziwiri zitatu za nyimbo za masiku ano, basi kreti ya mowa, mphoto ya opambana, n'kukhala yawo. Kumeneko ndi kuba, kaya wina akuveke suti.

Anzake anayesa zambiri. Anamugulira mtedza kuti pakamwa patanganidwe, iye n'kumayankha mtedza ukuuluka. Anamukhazika moyang'ana khoma, khoma n'kumabweza mawu. Mapeto ake Mayi Verna anamuuza mosapsatira kuti pali namwino wina amene akuufuna mpando wakewo, munthu wodziwa kutseka pakamwa. Mwayi womaliza unali uwu: poti pakamwapo sipatseka, apapatse ntchito. Azikuwa yankho labodza, lenileni azilemba pakapepala n'kuwakankhira iwo. Akalephera, mpando wapita.

Mpandowo kwa Carlyle sunali wamasewera. Sabata yonse ndi "wansomba". Lachinayi lokha ndi pamene ankadzikhula ndi mandimu, kuvala shati yosita, anthu n'kumamutchula Pulofesa. Anavomera.

Chigawo choyamba Giselle anafunsa likulu la dziko la Australia. Carlyle analemba Canberra ndi zilembo zake zokhotakhota, pakamwa n'kutulutsa Sydney. Zolembera za a Ramsaran zinathamanga. Anapitiriza choncho mafunso khumi, thukuta lili kamukamu, bodza lililonse likumukanda pakhosi ngati munga wa nsomba. Powerenga mayankho, tebulo lawo linali ndi asanu ndi anayi, la a Ramsaran atatu okha.

Nzeru inagwira. Koma bala lonse linali litamva Pulofesa akuphonya kakhumi, ndipo aliyense anaganiza kuti aphunzitsi ndi amene ankamukonza. Ena anayamba kuwaombera m'manja Mayi Verna. Iwonso, m'malo mokana, anangoweramitsa mutu mwaulemu.

"Pulofesa wavunda ngati nsomba za dzana," anatero a Ramsaran. "Aphunzitsi, ameneyu mukumusungiranji? Ndi duwa la patebulo?"

Deo anamutsina Carlyle bondo kunsi kwa tebulo. "Meza, achimwene, meza. Kreti yafika pakhomo."

Anameza. Chigawo chachiwiri chinali cha nyimbo ndi mafilimu, ndipo a Ramsaran, atasiya kubera, anakwera pang'onopang'ono mpaka kupitirira ndi pointi imodzi. Linatsala funso lomaliza, la mapointi atatu. Giselle anafunsa kuti okutopasi, chinyama cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu chija, ali ndi mitima ingati.

Nkhope za tebulo la mataye zinaoneka kuti sizikudziwa. Carlyle analemba 3, nakankhira kapepalako kwa Mayi Verna. Kenako iye, atakukuta mano, ananena mokweza kuti iwiri. Kupambana kunali m'manja. Chinatsala n'kungokhala pansi basi.

A Ramsaran anawauza anzawo, mokweza kuti aliyense amve, kuti asalembe za munthu ameneyo, mutu unatha, za m'nyanja mwake momwe sakuzidziwa, kapena zaka zonsezi wakhala akugulitsa anthu nkhuku. Bala lonse linafa nacho chiseko.

Mpando unagwa chagada. Carlyle anamenya tebulo ngati akutsitsa kachidutswa ka masewera a domino, mabotolo n'kudumpha.

"Itatu, iwe wamapiritsi! Mitima itatu, magazi abuluu. Ndinayamba kumutumbula ameneyu iwe ukadanyowetsa mphasa."

Kunamveka kukwecha kwa zolembera m'matebulo ena onse asanu ndi limodzi.

Mayi Verna sanakalipe. Anatseka cholembera chawo, nachiika m'chikwama, n'kuyang'ana a Ramsaran akunyamula kreti. Kenako anati, "A Toussaint, Lachinayi likubwerali mupume."

Namwino uja anaulowa mpandowo. Ndi wachete ndithu, palibe angatsutse, pakuti alibe choti anene. Sabata yoyamba tebulo linathera pa nambala 6, yachiwiri pa nambala 5, Deo n'kumati zikusintha. Kupita kukamupepesa munthu, palibe ndi mmodzi yemwe. Carlyle naye akuti sangakagwadire anthu amene anadya m'manja mwake miyezi isanu ndi itatu, ndipo akunena zoona.

Komabe Lachinayi dzuwa likapendeka, kagalimoto kake kamapezeka kataima tsidya la msewu, iye akuti injini yatentha. Mawu a Giselle amatulukira pazenera, Carlyle n'kumayankha ali yekha, akuganiza kuti akulankhula chamumtima. A Ramsaran anasamutsira tebulo lawo pafupi ndi zeneralo.