Amuna Anga Analibe Nsanje

Chaka chachiwiri cha ukwati wathu ndinatsala pang'ono kubwerera kwathu ku Maganga, ndipo chifukwa chake mukachimva museka: amuna anga analibe nsanje.

Iwo ndi msodzi. Chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa kwa asodzi amapita n'kukhala komweko milungu ingapo, ndipo kumeneko mkazi sapondako. Anzanga oyanika nawo utaka pathandala ankadandaula monyadira. Wina amuna ake ankamuimbira katatu patsiku kufunsa kuti ali ndi ndani. Wina amuna ake anamuswera foni chifukwa choseka ndi kondakitala. Anga akaimba ankangofunsa ngati mbuzi zalowa m'khola. "Amenewo sakukonda iwe," anzangawo ankatero, ndipo zinandilowa mpaka kuonda nazo.

Ndinkafuna kupita kwa ankhoswe, koma ndikanakanena chiyani? Kuti sandimenya? Ndinadandaulira mlamu wanga, mphunzitsi wa sekondale ku Khombedza, ndipo anandibwereka buku lachingerezi lakalekale, chikuto chomata ndi selotepi. "Alamu, dziko lonse limati chikondi chenicheni chili umu," anatero. Ndinalilandira ndi manja awiri, ndikuti ndipezamo mawu okafotokozera ankhoswe chimene chikusowa m'nyumba mwanga.

Ndinalimbana nalo milungu iwiri, Chingerezi changa cha Fomu 4 chikutsimphina, masamba akununkha nsomba. Ayi ndithu, ndinakhumudwa. Bambo wa m'bukumo anatha zaka akulondola mkazi mmodzi, kumuzonda, kumudanitsa ndi abale ake, kulumbira kuti adzafera iyeyo. Koma mkaziyo atadwala, mkuluyo anadzaza masamba n'kufotokoza mmene matendawo akumupwetekera iye mwini. Ngakhale kaphala osamuphikira! Ndinkatsegula tsamba ndi tsamba kuti mwina penapake amufunsa kuti wadzuka bwanji. Mpaka kumapeto, zii. Ndinakwiya ngati munthu amene wagula thumba la mpunga n'kupeza theka ndi madeya.

Pobweza, mlamu anati sindinamvetse luso la wolembayo. Mwina n'zoona, iye ndiye anaphunzira. Komabe ndimamuthokoza mpaka lero, ndipo ndimathokozanso bambo wotopetsa wa m'bukumo, chifukwa kwa ankhoswe sindinapitenso.

Amuna anga atabwera, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndinalimba mtima.

"Bambo, inu simundifunsako kumene ndayenda. Simuopa kuti wina anditenga?"

Anasiya kusoka n'kundiyang'ana mpaka ndinachita manyazi.

"Amayi, panyanja paja ndimaopa mwera. Ndimaopa injini kuzima tili pakati. Ndimaopa kubwera chimanjamanja. Chinthu chimodzi chokha chimene ndimachiganiza mtima uli m'malo ndinu. Ndiye mukufuna mundilande chimenechonso?"

Ndinakhala pansi n'kuwagwirira ukondewo kuti usoke bwino, misozi ikugwera pamanja.