Ndowa za Mwini Malole

Sendererani kuno, pamphasa pano malo alipo. Inu mwaima pakhomo inu, lowani mukhale pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Ndikuuzeni za chaka chimene ife akazi a mudzi uno tinaimika kansala wathuwathu, ndi mmene ndowa za pulasitiki zinatsala pang'ono kutilanda chisankhocho.

Ife kwathu ndi ku Katete, koma kuno ku Rufunsa ndinafika ndili ndi mwana mmodzi kumsana, ndipo mano onsewa andithera konkuno. Mudzi wathu uli tsidya lino la kamtsinje kamene m'chilimwe ngakhale mbuzi imangokalumpha. Ikagwa mvula ya Januwale, kamtsinje komweko simungakazindikire. Kiliniki ili tsidya linalo, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka. Chaka china mkazi wa mwana wanga anachirira pa ngolo, pansi pa mkuyu m'mphepete mwa madzi, ng'ombe zitakana kuwoloka. Mwanayo anakhala moyo, Mulungu ngwabwino. Koma ine amene ndinadula mchombo ndi lezala ya m'thumba mwa woyendetsa ngolo, tsikulo silinandichoke m'mutu.

Makansala ankabwera n'kupita. Aliyense ankalonjeza mlatho, ndipo akapambana tinkangomuonera pa zenera la galimoto, fumbi lili m'maso.

Tinali ndi kagulu kathu ka akazi kolimirana, lero munda wa uyu, mawa munda wa uyo. Tsiku lina tikukumba nsawa, zimene ena amati mtedza, mnansi wanga amake mapasa, mkazi wosasunga mawu m'kamwa, anaimika khasu n'kuyang'ana alamu anga. Alamu angawo ndi mlongo wawo wa malemu amuna anga. Anamaliza sekondale kalekale, ndipo kwa zaka zambiri ankathandiza kuyeza ana pa sikelo ku kiliniki popanda malipiro.

"Inu mayi, mapepala anu a sukulu aja alipo, kapena chiswe chinadya?"

"Ali m'sutikesi. Mukufuna mukulungire fodya?"

"Tikufuna muime pa ukansala. Tatopa kuvotera anthu amene sanavulepo nsapato pa mtsinje uja."

Tinaseka mpaka ena kukhala pansi pa mizere. Koma kuseka kutatha palibe anatola khasu. Alamu anakana masabata awiri, sabata lachitatu anavomera. Tinagulitsa nkhuku kuti akalembetse ku boma, ndipo anaima paokha, opanda chipani.

Ife tinalibe galimoto, tinalibe chimkuzamawu. Tinali ndi zala. Inali nyengo yotonola chimanga, ndiye tinkati m'mawa uliwonse tasankha khomo limodzi, tafika asanu kapena asanu ndi atatu, takhala pansi pa mulu wa chimanga, tayamba kutonola. Munthu amene akukutonolera chimanga sungamupirikitse, ndipo sungamusiye yekha n'kulowa m'nyumba. Mwini khomo ankakhala nafe, amuna ake akusoka masaka chapafupi, khutu lili kuno. Alamu sankalankhula zambiri. Ankafunsa kuti pakhomo pano chikukuvutani n'chiyani, n'kumalemba m'kabuku kawo. Dzuwa likamapendeka chimanga chili m'masaka, ife zala zili phuliphuli ndi matuza, ndipo khomo lonse ladziwa amene akuima ndi chifukwa chake. Tinayenda choncho midzi yonse ya wadi yathu, kumene miyendo inkafika.

Kenako kunabwera mwini malole. Ameneyu anabadwira konkuno, amayi ake tinkatunga nawo madzi asanamwalire. Anapita ku Lusaka ali mnyamata, n'kulemera ndi malole onyamula makala. Naye ankafuna ukansala womwewo. Anali ndi womulankhulira wake, Mubemba wamtali wa chipewa chofiira, pakamwa ngati wailesi. Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwachimbuya, palibe amakwiya. Tsiku limene lole inaima pa bwalo la mpira, iye anandiona ndili kutsogolo.

"Ba mbuya! Lero mbewa zipume. Bwerani mulaweko shuga, muone mmene anthu amadyera!"

"Iwe wodya anyani, tsika pa lolepo ungagwe, kuno kulibe mitengo yoti ugwire!"

Anthu anafa nako kuseka. Ndiye anayamba kutsitsa ndowa. Zatsopano, zobiriwira, za chivundikiro. M'kati mwa ndowa iliyonse munali shuga, mchere, sopo, kabotolo ka mafuta ophikira, ndi chitenje chokhala ndi nkhope ya mwini malole. Mkazi aliyense yake. Ndisakunamizeni, ine ndinalandira ndi manja awiri, n'kugwada komwe. Mchere unali utandithera masiku anayi.

Mawa lake kotonola tinapezeka atatu. Mkuja, awiri. Akazi akaona njinga ya alamu ikubwera ankakhotera kuseri kwa nkhokwe. Sikuti anali atasiya kuwakonda ayi. Anali ndi manyazi. Ife tinaleredwa kuti ukalandira chinthu cha munthu n'kudya, kenako n'kumufulatira pa tsiku limene akukufuna, ndiwe wakuba, ngakhale anakupatsa yekha.

Alamu anatisonkhanitsa pansi pa mango pakhomo pawo.

"Amayi, shugayo imwani, sopoyo sambani. Kovotera munthu amalowa yekha, palibe amene adzaone pamene mwachonga."

Mayi wina wachikulire kuposa ine, wa mtundu wa Asoli, eni dera lino, anapukusa mutu. "Iye sadzaona, inde. Nanga ine ndidzatsinzina? Tiyi wa shuga wakeyo ali m'mimba muno."

Inenso mtima wanga unali pomwepo. Alamu anga enieni, amene anandigwira dzanja pa maliro a amuna anga, koma ndikaganiza zokachonga pa nkhope yawo, mchere wa munthu uja unkandiwawa pakhosi. Ndipo ndinkadziwa kuti akazi tikachoka, alamu atsala ndi njinga yawo yokha. Amuna ambiri anali atapita kale kumene kunali mowa.

Panatsala masabata awiri. Masana ena ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, amake mapasa anabwera kudzabweza mbale yanga. Dzulo lake ndinali nditawapatsira ndiwo za therere. M'mbalemo anali ataikamo nsawa zodzaza manja awiri.

"Aa, inu, mwavutikiranji? Therere lokha lija?"

"Ndibweze mbale yopanda kanthu? Ndiye mawa ndidzakuyang'anani bwanji? Tsopano tafanana, mukandiputa ndikutukwanani bwinobwino."

Anaseka, inenso ndinaseka. Kenako tonse awiri maso athu anagwera pa ndowa yobiriwira ija, ili pakona pa khonde, ndinali nditafululiramo munkoyo, chakumwa chathu chonga thobwa.

"Amake mapasa," ndinatero, "kodi ija si mbale?"

Madzulo omwewo dzuwa lisanalowe tinali titazungulira makomo. Mawa lake pansi pa mango panadzaza, ndipo mkangano unali woopsa. Nkhani ya kubweza aliyense anaimva msanga, palibe mkazi wa kuno amene angafunse tanthauzo lake. Chovuta chinali ndowayo.

"Shuga watha, sopo akutha, chotsala n'chokhacho. Ndiye ndibweze?"

"Ine yanga ndalemba kale chizindikiro ndi msomali wamoto!"

"Tingomupatsa nsawazo m'masaka, ndowa zikhale."

Mayi wa Chisoli uja ndiye anadula. "Munaona kuti munthu akudya ndiwo n'kusunga mbale ya mwini wake? Za m'kati tadya, n'zathu. Chitenje n'cha m'kati, tivala. Koma chotengera chimabwerera kwawo, chodzaza."

Wina anafunsa ngati kuvala nkhope ya munthuyo si kumuvotera. Amake mapasa anaimirira, n'kutembenuka, n'kutionetsa pamene nkhopeyo inagwera pa chitenje chawo. "Onani pamene ali. Ine ndimamukhalira tsiku lililonse, sanadandaulepo."

Alamu sanalowerere. Anangoti, "Musadzipweteke chifukwa cha ine. Chaka chino nsawa sizinachite bwino." Ndipo zinalidi zoona. Ine ndowa yanga kuti idzaze ndinatapa ndi pa mbewu yomwe ndinasungira kudzala. Ena anaika mbatata, ena nyemba, ena chimanga chotonola. Wina wosauka kwambiri anadzaza yake ndi masamba a maungu ofutsa, tinamuuza kuti ndi zokwana. Akazi anayi kapena asanu anakana, ndowa zawo anasunga, ndipo sitinawanene.

Loweruka mwini malole anachititsa msonkhano wake womaliza pa bwalo la mpira lomwe lija. Ife tinatsuka ndowa ndi mchenga, tinavala zitenje zake, tinasenza, n'kuyenda mzere umodzi kuchokera kumtsinje, tikuimba nyimbo za kumunda. Wachipewa chofiira atationa analumpha ndi chimkuzamawu chake.

"Onani! Onani chikondi! Amayi a wadi ino abweretsera ba kansala mphatso asanapambane n'komwe! Ba mbuya, mwabweretsa mbewa zingati?"

"Zokwana iwe ndi akazi ako onse," ndinamuyankha.

Tinatula ndowa patsogolo pa tebulo, imodzi imodzi, mpaka mzere unafika pa golo. Anthu ankaomba m'manja. Koma mwini malole sankaomba. Ndinamuona akuvundukula ndowa yoyamba, yachiwiri, n'kuzindikira chimene tinali titachita. Uja ndi mwana wa m'mudzi, amayi ake ankabweza mbale ngati ife tomwe. Mubemba wa m'tauni uja ndiye sankadziwa chimene akuululutira.

Anzanga anandikankha kuti ndilankhule, poti ndine ndinayambitsa. Ndinagwada pang'ono, maondo akulira.

"Bambo, munatikumbuka, tadya, tathokoza. Mbale zanu izi, sitinabweze zopanda kanthu."

Kukana sakanatha, pamaso pa anthu onsewo kukanakhala kutitukwana. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anavula magalasi.

"Amayi, mwandichita zimene akanandichita amayi anga."

"Akanakuchitani zoposa apa. Tinkawadziwa."

Analamula anyamata ake kuti akweze ndowa pa lole. Wachipewa uja anali akufuulabe za chikondi, mpaka bwana wake anamukoka malaya n'kumunong'oneza. Chimkuzamawu chinazima pakati pa mawu.

Pobwerera kumudzi mitu inali yopepuka, ndipo sindikunena za katundu yekha. Lolemba kotonola tinapezeka ochuluka kuposa kale, mwini khomo mpaka anasowa mipando ndi mphasa. Masiku otsalawo tinamaliza makomo a kuphiri amene tinali tisanafikeko.

Tsiku lovota kunali mphepo ya Ogasiti, fumbi lokhalokha. Ndinaima pa mzere kusukulu kuyambira m'mawa. Ine zilembo sindizidziwa, koma nkhope ya alamu ndimaidziwa, ngakhale pa chithunzipo anaoneka ngati akwiyira wojambula. Ndinachonga pambali pake, ndinapinda pepala, ndinaponya. Potuluka ndinakumana ndi mayi wa Chisoli uja akupukuta inki ya pa chala ku chitenje.

"Mwatsinzina?" ndinawafunsa.

"Maso onse awiri ali pompo!"

Zotsatira tinazimva mawa lake masana, tikupeta mapira kwa amake mapasa. Aphunzitsi ena anabwera pa njinga akuimba belu kuchokera patali. Alamu anapambana, koma mwapang'ono kwambiri, moti akazife tikanasunga ndowa zija, bwenzi nkhani ili ina. Tinavina mpaka mapira anatayika, nkhuku zinakhuta tsiku limenelo. Alamu iwo anangokhala pa mtondo wogubuduza n'kumati, "Mwandiika pa moto, akazi inu."

Tsopano mufuna kudziwa za anthuwo. Alamu anatha matayala a njinga osawerengeka kupita ku boma. Mlatho waukulu sunabwere, koma m'chaka chawo chachitatu anatiikira mapaipi akuluakulu a simenti n'kuthira konkire pamwamba, ndipo ngolo imawoloka ngakhale mu Januwale, kupatula masiku amene mvula yachita misala. Nthawi yawo itatha sanaimenso, anati maondo akwana. Pano akuweta mbuzi, ndipo anthu amawapezabe pakhomo ndi mapepala oti awawerengere.

Mwini malole sanatisungire chakukhosi. Amabwera pa maliro, amakhala pansi ndi amuna anzake, ndipo ndamva kuti makala anasiya, tsopano amanyamula simenti. Wachipewa chofiira anakwatira ku Chinyunyu, ali ndi kagolosale m'mbali mwa msewu pafupi ndi kasupe wa madzi otentha, ndipo ndikatsika minibasi pamenepo amandipatsa mpando. Mayi wa Chisoli anatisiya chaka chathachi, ali m'tulo, atadya bwino madzulo ake. Amake mapasa ndiwo akutsogolera gulu lolimirana, ndipo ayamba sukulu ya akuluakulu masana, akuti pepala la sukulu limene alamu ali nalo nawonso alifuna.

Ine ndilipo, monga mukundionamu. Kumunda sindipitanso, chiuno chinakana. Chisankho chapitachi anandikweza pa wilibala mpaka kusukulu, ndipo amene ankandikankhayo ndinamulipira mazira awiri.