Mmisiri amene amayeza chigayo ndi bwato

Bambo achikulire amene ndayandikana nawo nyumba pa Kachulu amakonza zigayo. Munthu wofuna kuyamba bizinesi ya chigayo akadzapempha malangizo, iwo amayamba afunsa kuti chigayocho chikadzawonongeka adzachinyamula motani.

Chaka chatha kunabwera Sadiki wa ku chilumba cha Chisi atagulitsa mpunga wake wonse, mtima uli pa chigayo chachikulu. Bambowo sanamutsutse. Anangopita naye kudoko, namulozera bwato.

"Madzi akachepa, maboti a injini safika kwanu. Injini yaikuluyo ikafa, ikwera umu?"

"Singakwere, bambo."

"Ndiye idzachitira dzimbiri pachilumba, mwana wanga, mpunga wako wapita."

Sadiki anagula chaching'ono, nkhope ili yakugwa. Mwezi uno injini yake yawonongeka n'kuwoloka pabwato, ndipo bambowo akuikonza pakhonde, osamukumbutsa kanthu.