Nsabwe za Tadala tinaziswera pakhonde

Lachiwiri lapitali mwana wanga Tadala, wa sitandade 2, anabwera kuchokera kusukulu akukanda m'mutu ndi manja onse awiri. Nditapatula tsitsi kuseri kwa khutu, ndinaziona nsabwe zikuyenda, timazira take titamatirira kutsitsi.

Mayi ake anali ku Chipata kukaoda katundu. Pakhomo tinalipo ine ndi mlongo wanga, ndipo posakhalitsa iye anatulukira ndi lezala m'manja.

"Achimwene, timumete mpala basi. Apo ayi timuwaze ufa munathira m'chimanga uja, pofika mawa zonse zikhala zitafa. Koma tichitire m'nyumba, anthu angaone."

Tadala anagwira mutu wake n'kuyamba kulira. Lamlungu anali woti avine koyamba m'gulu la asitela, atsikana ovina pa Misa, kutchalitchi kwathu ku Guilleme, ndipo tsitsi limeneli wakhala akulisunga kuyambira chaka chatha. Komanso kuno mwana wamkazi akametedwa mpala mwadzidzidzi, anthu amafunsa ngati kwagwa maliro. Ukati ayi, chotsalacho amadziwa okha.

Ndinakana zonse ziwiri. Mankhwala ophera anankafumbwe, pakhungu la mwana lokandikakandika kale? Tadala si thumba la chimanga.

Ndinayala mphasa pakhonde dzuwa likuswa mtengo, mwana n'kumukhazika pakati pa miyendo. Ndinamudzoza mafuta ophikira m'mutu monse, n'kuyamba kupesa ndi chipeso cha mano othinana, pang'onopang'ono kuchokera pakhungu, uku ndikupukutira pansalu yoyera. Yotuluka ndinkaiswa ndi zikhadabo. Zofunda ndi mpango wake zinalowa m'madzi otentha. Tsiku lililonse akaweruka tinkabwereza, poti timazira totsalira timaswa zina.

Anzanga opita kubawo anaima pamsewu. "Bambo a Tadala, mwatsegula saluni kodi?"

"Eya, bweretsani anu," ndinatero, dzanja lisanaleke kupesa.

Abale anga, manyazi a nsabwe tinawatenga kuti? Nsabwe sifunsa ngati mwana wasamba. Ana athu amapanikizana padesiki limodzi, amagundanitsa mitu posewera, amabwerekana zipeso. Iwe ukachotsa za wako mobisa, za mwana wa mnansi zilipobe, ndipo zibweranso. Manyazi omwewa ndi amene amatitengetsa mankhwala a kumunda n'kuwathira pamutu pa mwana, chitseko chili chotseka.

Akulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Lachitatu a Nabanda, oyandikana nawo nyumba, anafika atagwira mwana wawo padzanja. "Wanganso akukanda, koma ndimasowa poyambira kunena," anatero motsitsa mawu. Ndinawayalira mphasa ina. Pofika Lachisanu khonde linadzaza amayi ndi ana, ndipo amene ankatsogolera kupesa anali mlongo wanga yemwe uja.

Lamlungu Tadala anavina atavala diresi loyera, tsitsi lake litalukidwa bwinobwino. Sindibisa, ndinanyada mpaka kuimba mokweza kuposa akwaya, ine wa mawu a chule.

Koma chimene chinandinyaditsa kwambiri chinachitika titatuluka. Mtsikana wina anamuloza pagulu: "Paja iwe unali ndi nsabwe!"

Ndinatembenuka kuti ndimuyankhire mwana wanga. Tadala sanawerame.

"Eee, ndinali nazo. Adadi anandichotsa. Nawenso ukayamba kukanda ubwere kwathu."

Mwana wa sitandade 2 wayankha choncho pabwalo la tchalitchi. Nanga inu akuluakulu, wanu uja akukanda kuchipindako, mukumubisira ndani?