Mzere Wotsala pa Fomu

Kuseri kwa khothi kuli kachipinda ka zenera limodzi momwe mumagwira ntchito mayi ena amene anthu amangowatchula kuti a Mataipi. Kwa zaka makumi awiri akhala akutaipa makalata a milandu ya malire, ya nyumba, ya olimbirana ana. Kusukulu ya malamulo sanapondeko, koma pepala loti likabwezedwa ku ofesi amalidziwa pongoliyang'ana. Pa kiyibodi yawo zilembo zinafufutika kalekale, zala zimadziwa zokha njira.

Lachinayi lina kunabwera mwana wa mchimwene wawo, mtsikana wa chaka chachitatu kusukulu ya malamulo, nayala fomu yosankhira maphunziro patebulo. Ankafuna kudzakhala loya wa milandu ya pakati pa anthu, osati ya upandu. Maphunziro atatu anali atasankha kale: za mapangano, za malo ndi za umboni. Unatsala mzere umodzi, ndipo fomuyo inkafunika mawa lake.

"Apa ndilembapo la kuyankhula pamaso pa woweruza, azakhali."

"Nanga la ndondomeko ya milandu?"

"Lija la masiku ndi mafomu? Aaa, anthu amawodzera mpaka kudonthetsera malovu pabuku."

"Pakamwa uli napo kale iwe. Unayamba kutsutsa bambo ako mano asanamere."

Ali mkati moseka, pakhomo panaima mayi wachichepere, khanda kumsana, envulopu yokwinyika m'manja. Pampando anakhala atauzidwa kawiri. Anati abale a malemu mwamuna wake apita kukhothi kuti amulande mwanayo. Envulopuyo anali ataibisa pansi pa matiresi masiku onsewa.

Mtsikana uja anadzambatuka. "Mayi, musaope! Inu ndinu kholo, ufulu wanu..."

"Tadikirani kaye, a loya," anatero a Mataipi, akutambasula pepalalo. "Mayi, kalatayi munailandira liti?"

"Tsiku sindikukumbuka. Koma ndinali nditangofika kuchokera kokabayitsa katemera."

"Buku lakusikelo muli nalo?"

Analitulutsa m'kachikwama ka matewera. A Mataipi anaona deti, n'kuyendetsa chala pa kalendala yapakhoma, milomo ikugwedera. Pepalalo linkati ayankhe pasanathe masiku khumi ndi anayi. Chala chinaima pa Lachinayi lomwelo.

"Lomaliza ndi lero. Ofesi atseka folo koloko."

"Ndikanabwera mawa?" anafunsa mayiyo, akukokera nsalu ya mwana pachifuwa.

"Mwabwera lero. Fotokozani bwinobwino, musathamange. Iwe, landira mwanayo."

Loya wam'tsogolo anakhala pakona akutonthoza khanda lomwe linkamukoka ndolo, azakhali ake akufunsa, kutaipa, kuwerenga mokweza, kukonza dzina. Anasindikiza makope atatu, mayiyo nasaina.

"Pita nawo. Usachoke pazenera la ku ofesi asanadinde onse atatu."

Mtsikanayo anabwerako nthawi isanakwane, chidindo chabuluu chili pakona ya pepala lililonse. Mayiyo anaika lake m'buku lakusikelo, nathokoza, n'kumangitsa mwana kumsana. Mlandu unali usanathe, koma tsopano woweruza adzamva mbali yake.

Mtsikana uja anakokera fomu yake pafupi. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anatenga cholembera cha azakhali ake chomangirira chingwe n'kudzaza mzere wachinayi.

A Mataipi anasuzumira pamwamba pa magalasi.

"Lowodzeretsa lija?"

"Lomwelo."

"Ukagule kampango kopukutira malovu," anatero, akuitana wotsatira pabenchi.