Mkono wa Chidole cha Kawayilesi

A Chigamba ndi telala. Dzinali anawapatsa anzawo a pamsika chifukwa cha nthenda yawo imodzi: sangaone chong'ambika n'kuchipitirira. Mukaima pakhomo la shopu yawo kufunsa njira, mumachokapo batani la malaya anu litalimbitsidwa. Akazi awo amati iwo sanafunsiridwe ngati anzawo ayi, anangoitanidwa kuti mpendero wa diresi wamasuka, basi mpaka lero.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo, kuyambira pa kusesa zidutswa za nsalu. Tsopano ali ndi kachipinda kawokawo pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Muli makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo, ndi galasi lalitali limene limanenepetsa aliyense. Pansi pa tebulolo ndi pamalo pa mwana wawo wotsiriza, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankamutcha Kawayilesi, chifukwa akaweruka kusukulu ankalowa pansi pamenepo n'kuyamba kuulutsa nkhani: amene walira m'kalasi, amene waiwala nsapato, zimene galu wa aneba akuganiza. Bambo ake ankadandaula kuti mutu ukuwawa, koma ankakondwa nazo kwambiri.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina minibasi imene mwanayu anakwera ndi mayi ake inagubuduka. Mayiwo anathyoka mkono, anagona m'chipatala masabata awiri, n'kubwerako ndi chikhakha. Mwana anatuluka wopanda ngakhale kabala, ndipo aliyense wobwera kudzazonda ankamusisita mutu n'kumuuza kuti ndi wamwayi. A Chigamba analamula kuti za ngoziyo zisatchulidwenso m'nyumba. Ankaona ngati akuteteza mwana.

Mkono wa mayi unapola, koma Kawayilesi anazima. Ankadya, ankapita kusukulu, koma ankayankha ndi mutu wokha. Pansi pa tebulo ankakhala ndi chidole chimene bambo ake anamusokera ndi zidutswa za nsalu, ndipo tsiku lina anatenga kasizasi n'kuchidula mkono wakumanzere. A Chigamba anaubwezera pomwepo. M'mawa mwake unachokanso. Anasoka ndi ulusi wophatikiza, kenako ndi ulusi wosokera majinzi, msoko woti ungakoke ngolo. Kasanu konse mkono unachoka, ndipo kachisanuko anamukalipira mwanayo kuti akuwononga zinthu. Mwanayo anangowayang'ana, ndipo iwo anachita mantha kuti mwina mawu ake sadzawamvanso.

Aphunzitsi ake ndi amene anawalozera kwa mayi wina wopereka uphungu kwa ana, ku chipatala chachikulu. A Chigamba anapita monyinyirika, poti m'maganizo mwawo mwana wosatentha thupi si wodwala. Chipinda cha mayi wa uphunguyo chinalibe jakisoni kapena sikelo. Munali timipando tating'ono, makrayoni ndi bokosi la zoseweretsa. Mayiwo anasewera ndi mwana kwa kanthawi, kenako anatsala ndi makolo okha. Anatembenuza chidole chija, n'kufunsa amene amasoka mkonowo. A Chigamba anadziloza pachifuwa, akuyembekezera kuyamikiridwa.

Mayiwo anavomera kuti msokowo ndi wokongola. Kenako anafotokoza kuti ana ambiri amanena ndi masewera zimene pakamwa pakukanika kunena, ndipo anawapatsa ntchito yokachita. Tsiku lililonse aimitse makina kwa mphindi makumi awiri, akhale pansi ndi mwana, asamufunse kanthu, asamuphunzitse kanthu, azingotchula zimene akuona. Kunyumba, za ngozi zija zizikambidwa momasuka.

"Nanga mkonowo ukachoka?" anafunsa a Chigamba.

"Muusiye, bambo. Mwana akukuonetsani chinthu, inu mukuchitseka asanamalize."

Panjira anang'ung'udza kwa akazi awo kuti munthu wapita kusukulu zaka zonsezo kuti adzauze telala kuti asasoke. Akazi awo anayankha kuti iwo akhala akunena zomwezo kwa zaka makumi awiri, popanda satifiketi.

Anayesabe. Nthawi ya folo koloko makina ankaima, ndipo bambo wamkulu ankapinda miyendo n'kulowa pansi pa tebulo, mutu ukugunda thabwa. Ometa tsitsi ankasuzumira n'kufunsa ngati akusaka singano. Mkono wa chidole unali pomwepo pa simenti, thonje likutuluka, ndipo zala za a Chigamba zinkayabwa mpaka anayamba kuzikhalira. Ankangoti chidole chagona, chidole chafunda, mkono uli apo. Mwana osayankha. Panapita masiku asanu ndi anayi, ndipo iwo anayamba kuganiza kuti akungochedwetsa mayunifolomu a ana a anthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lakhumi mwanayo anatenga bokosi la mabatani, n'kulivundikira pa chidole. Pambali pake anaimika kachikulungo kakang'ono ka ulusi wachikasu. A Chigamba anatchula zimene ankaona, kuti chidole chili pansi pa bokosi, ndipo kaulusi kaima pafupi.

"Kakuitana amayi ake," anatero mwanayo, mawu osasa. "Koma sakuyankha."

Yankho linali kale pamilomo pa a Chigamba: kuti amayi anachira, ali kunyumba, palibe chodandaula. Chinali chigamba chabwino ndithu, ndipo chikanakwana bwinobwino. Anachimeza.

"Kanachita mantha kwambiri," anatero a Chigamba.

"Kankaganiza kuti afa, ababa. Ndiye anthu onse ankangoti kali ndi mwayi."

Mwanayo analira kwa nthawi yaitali, nkhope ataibisa m'malaya a bambo ake, ndipo bambowo analiranso, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanamuuze kuti atonthole. Kasitomala wina anafika ndi thalauza, anaona mapazi anayi pansi pa tebulo, n'kubwerera mwakachetechete.

Mawu sanabwerere tsiku limodzi. Anapitabe kwa mayi wa uphungu kwa miyezi ingapo, ndipo mayi ake a mwanayo ankamuonetsa chipsera cha pamkono n'kumuuza kuti nawonso tsiku lija anaopa. Pang'onopang'ono nkhani za m'kalasi zinayambiranso, galu wa aneba nayenso anayambanso kuganiza. Madzulo ena mwanayo anapempha singano ndi ulusi wofiira, n'kusoka yekha mkono uja. Msoko wake unali wokhotakhota, wina wautali wina waufupi, ndipo mkono unayang'ana kumbuyo.

Lero a Chigamba akusokabe, nthenda yawo ya mabatani sinathe, ndipo folo koloko ikakwana makina amaimabe ngakhale mkwati atayembekezera diresi. Chidolecho chimakhala pa shelefu, pakati pa masuti osita bwino. Makasitomala amachiseka, ena amafunsa kuti telala wodziwika chonchi akulekereranji ntchito yoipa ngati imeneyo pamaso pa anthu, pamene kukonza kwake ndi kwa mphindi ziwiri.

"Anasoka mwini wake," amayankha a Chigamba, manja atawapinda kumbuyo. "Pamenepo ine sindikhudzapo."

Kenako amapempha kasitomalayo kuti abwereze muyezo wake mokweza, chifukwa pansi pa tebulo Kawayilesi akulongolola.